Mayina a Chingerezi a zida zotsukira ndi madzi amphamvu: ndatopa kumangoloza ndi chala

Tadala: Moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi vuto lochititsa manyazi pang'ono. Mwezi uno ndi wachitatu chiyambireni ntchito yotsuka magalimoto ndi makonde ndi makina aja opopa madzi mwamphamvu. Ntchito manja azolowera, koma mayina a zida sindiwadziwa. Dzulo kachitsulo kakumapeto kwa ndodo, kamene kamatulutsa madzi kaja, kalowa mu ngalande. Abwana akuti ndifufuze kena pa intaneti. Ndalemba "water gun head", zabwera zidole za ana. Ndalemba "pipe mouth", abwera makaliwo osutira fodya. Abale, kachitsulo kameneka dzina lake ndani? Ndipo ngati alipo amene angandiyalire mayina a zida zonse, kuyambira ku mpope mpaka kumapeto, andithandize.

Kondwani wa Penti: Kkkkk makaliwo! Achimwene mwandiyambitsira tsiku bwino.

Aphunzitsi Opuma: Musamuseke mwanayu, wafunsa bwino. Tadala, kachitsulo kako ndi nozzle. Mawuwa anachokera ku nose, mphuno, ndiye ungati kamphuno ka makinawo. Ena amangoti tip kapena spray tip. Ndodo yaitali imene umalumikizako nozzle ili ndi mayina awiri: a ku Britain amati lance, a ku America amati wand. Lance poyamba unali mkondo wautali wa asilikali okwera pa akavalo, pamene wand ndi kandodo ka amatsenga. Chinthu chimodzi, wina anachiona ngati mkondo, wina ngati kandodo ka matsenga. Chogwirira chija chokhala ngati mfuti ndi trigger gun kapena spray gun, ndipo kamene umafinya ndi zala kuti madzi atuluke ndi trigger, monga chokhethemulira mfuti. Payipi yofewa ndi hose. Polemba usaikepo r, chifukwa horse ndi kavalo, udzabweranso pano kudzatiuza kuti zabwera zishalo.

Tadala: Zikomo aphunzitsi. Ndalemba nozzle, zabweradi. Koma zilipo za mitundu isanu, yofiira, yachikasu, yobiriwira, yoyera ndi yakuda. Ndingosankha yokongola?

Malume Sipanala: Ayi ayi ayi. Ikani foni pansi kaye mphwanga. Mitundu imeneyo si yokongoletsera. Mtundu uliwonse ukunena kutambasuka kwa madzi akamatuluka, ndipo amayeza mu madigiri. Yofiira ndi madigiri 0, madzi amatuluka ngati singano, onse pa kadontho kamodzi. Yachikasu ndi 15, yokokotera matope ouma ndi penti yofundukafunduka pa simenti kapena pa chitsulo. Yobiriwira ndi 25, imeneyo ndi ya ntchito za tsiku ndi tsiku. Yoyera ndi 40, yofatsa, ya mawindo ndi thupi la galimoto. Yakuda ndi 65, ili ndi chibowo chachikulu, ndi yothirira sopo basi, simungachotse nayo dothi. Kutambasuka kumeneku pa Chingerezi amati fan, ngati chokupizira mphepo chikatambasulidwa, kapena spray pattern. Inu yanu yatayikayo inali ya mtundu wanji?

Tadala: Inali yakuda ndi girisi malume, mtundu wake sunkaonekanso.

Malume Sipanala: Chabwino, tibwererakonso. Zotsalazo musazitaye, zitiuza zoona.

Mayi a Upile: Poti mwatchula yofiira, ndiloleni ndiulule tchimo langa. Nditangoyamba ntchito yoyeretsa nyumba za anthu, ndinapatsidwa khonde la matabwa loti ndichotse ndere. Ndinaganiza kuti yofiira ndiye yamphamvu, ntchito itha msanga. Nditafinya, mzere woyera unaoneka pa thabwa, ine kusangalala kuti zikuyera. Nditawerama kuti ndione bwino, si kuyera ayi, thabwa lakumbika, ulusi wa mtengo waimirira ngati ubweya wa mphaka wokwiya. Ndinali nditalemba kale mizere yokhotakhota malo okwana chitseko chathunthu. Masiku awiri otsatira ndinakhala chogwada ndi sandipepa. Mwini nyumba sanakalipe, anangoima n'kumayang'ana, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mawu. Kuyambira tsiku limenelo yofiira imakhala m'kabati, antchito anga saiona n'komwe. Kuwononga kotereku ndinamva kuti pa simenti amati etching, pa matabwa amati furring kapena fuzzing.

Nachisale: Pepani mayi, koma ndaseka. Ine funso langa ndi la dzina la makina enieniwo. Ena akuti pressure washer, ena power washer, ena jet wash. Ndi makina atatu osiyana?

Kondwani wa Penti: Power washer ndi imene imatenthetsa madzi. Pressure washer ndi ya madzi ozizira. Nkhani yatha.

Aphunzitsi Opuma: Siinathe achimwene. Zimene mwanenazo zimalembedwadi m'malo ambiri, makamaka ku America, koma anthu polankhula sasiyanitsa, ngakhale ogulitsa amene. Mudzapeza bokosi lolembedwa power washer, mkati muli makina a madzi ozizira. Mukafuna yotenthetsa madzi lembani hot water pressure washer, pamenepo palibe kusokonekera. Jet wash ndi kalankhulidwe ka ku Britain. Mabuku a makina ochokera ku Ulaya amakonda kulemba high-pressure cleaner.

Kondwani wa Penti: Ndiye ndalakwa theka lokha.

Nachisale: Nanga amene amangoti "Karcher"? Apongozi anga makina alionse otere amawatcha choncho, ngakhale alembedwe dzina lina pambali.

Aphunzitsi Opuma: Limenelo ndi dzina la munthu ndi kampani yake. Alfred Kärcher anali injiniya wa ku Germany, anayambitsa kampani yake mu 1935, ndipo mu 1950 anapanga makina oyamba ku Ulaya otsukira ndi madzi otentha amphamvu. Likulu lawo lili ku Winnenden, kufupi ndi Stuttgart. Dzinalo linatchuka mpaka ku France anthu amalitchula ngati dzina la makina alionse a mtunduwu. Apongozi anu sali okha. Vuto limabwera pogula zida: mukalemba dzina limenelo pamene makina anu ndi a kampani ina, mudzalandira ndodo yosalowa.

Malume Sipanala: Pamenepo aphunzitsi mwakhudza bala langa. Makina a Kärcher a pakhomo, aja oyamba ndi chilembo K, ndodo yake imalowa mokankha n'kupotoza, amati bayonet fitting. Makina ambiri a petulo amagwiritsa ntchito quick connect, ena amati quick release, kamkombero kamene mumakokera m'mbuyo, n'kulowetsa nozzle, n'kusiya kuti kabwerere. Ya nozzle nthawi zambiri ndi ya 1/4 inchi, ya hose ndi 3/8. Kuti ziwirizi zigwirizane pamafunika adapter, kachida kogwirizanitsa mbali ziwiri zosiyana.

Nachisale: Ndili pomwepo ndifunsenso. Ndikuyerekeza makina awiri. Ena alemba 1800 PSI, 1.2 GPM. Ena alemba 130 bar, 420 l/h. Mwamuna wanga akuti titenge a 1800 chifukwa nambala yake ndi yaikulu. Ine mtima ukukana koma ndilibe chomuyankha.

Malume Sipanala: Mtima wanu ukunena zoona achemwali. Zili ngati kuyerekeza mtunda wa mamailo ndi wa makilomita. PSI ndi chidule cha pounds per square inch, muyeso wa ku America. Bar ndi muyeso umene amagwiritsa ntchito ku Ulaya ndi maiko ena ambiri. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 PSI. Ndiye 130 kuchulukitsa ndi 14.5 ikutipatsa 1885. Mwaona? A 130 aja ndiwo akuposa pang'ono. Mukapeza ena olembedwa MPa, dziwani kuti 1 MPa ndi 10 bar, choncho 13 MPa ndi 130 bar yomweyo. Kuti mumve kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mpweya wongopitirira 2 bar.

Koma nambala imene anthu saiyang'ana ndi yachiwiriyo, ndipo kwa ine ndiyo yofunika kwambiri. Imeneyo ndi flow rate, kuchuluka kwa madzi amene akutuluka. GPM ndi gallons per minute. Galoni ya ku America ndi malita 3.785, ndiye 1.2 GPM ndi malita 4.5 pa mphindi. Enawo alemba malita 420 pa ola, mukagawa ndi 60 ndi malita 7 pa mphindi. Mphamvu ija imangotakasa dothi kuti lisiyane ndi khoma, koma chimene chimalinyamula n'kulichotsapo ndi kuchuluka kwa madzi. Makina a madzi ochepa mumatsuka nawo ngati mukusesa bwalo ndi mswachi.

Nachisale: Ndajambula uthengawu, ndamutumizira. Wangoyankha kuti "ok".

Mayi a Upile: Kkkk "ok" ameneyo ndi kugonja.

Aphunzitsi Opuma: Kuwonjezera pa za malume, samalani ndi mawu awiri pa bokosi: max pressure ndi rated pressure kapena working pressure. Max ndi pamene singano yoyezera mphamvu imafika kwa kamphindi, rated ndi mphamvu imene makina amagwira nayo ntchito nthawi yonse. Ogulitsa amalemba max ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo, rated amaibisa pa kachitsulo kakumbuyo. Komanso galoni ya ku Britain ndi yaikulu, malita 4.546, ngakhale kuti pa makinawa GPM imakhala ya ku America pafupifupi nthawi zonse.

Kondwani wa Penti: Palinso cleaning units, PSI kuchulukitsa ndi GPM. Ena amayerekezera makina ndi nambala imeneyo.

Malume Sipanala: Eya, ndi njira yachidule. Tsopano Tadala, bwerani kuno. Tengani ma nozzle otsalawo, muwapukute ndi kansalu, muyang'ane pa chitsulo pafupi ndi chibowo. Pali manambala ang'onoang'ono ozokotedwa. Ndiwerengereni.

Tadala: Ndawapeza malume, ndachita kuwalitsa ndi tochi ya foni. Yoyera yalembedwa 40030. Yachikasu 15030. Yofiira 00030. Yakuda sikuoneka bwino.

Malume Sipanala: Basi, wakuba wagwidwa. Yosowayo ndi yobiriwira, ndipo nambala yake ndi 25030. Manambala awiri oyamba ndi madigiri. Atatu otsalawo ndi kukula kwa chibowo, chimene pa Chingerezi amati orifice. 030 akutanthauza size 3.0, ndiye kuti chibowo chimenecho chimatulutsa magaloni 3 pa mphindi chikakankhidwa ndi 4000 PSI. Umenewo ndi muyeso wongogwirizana opanga, makina ambiri safika pamenepo.

Apa ndipamene ndimafuna aliyense pa gulu pano amvetse, chifukwa anthu ambiri ataya makina abwinobwino posadziwa. Pampu sipanga mphamvu ija. Pampu imangokankha madzi ochuluka mwakuti pa mphindi. Chimene chimasandutsa madziwo kukhala mkondo ndi kuchepa kwa chibowo. Tonse tinachitapo tili ana: madzi akutuluka mwaulesi pa payipi yothirira maluwa, n'kutseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu, madzi n'kuthamanga mpaka kutsidya. Mpope sunasinthe, chasintha ndi chibowo. Ndiye mukagula yobiriwira ya 050 chifukwa choti nayonso ndi yobiriwira, madzi adzatuluka ofooka, abwana adzati mwapha pampu. Mukagula ya 020, pampu idzavutika kukankha, injini izidzabuula, zina zidzayamba kuphulika. Ndipo nozzle imatha. Madzi ndi timchenga zimakuza chibowo pang'onopang'ono, maso sangaone. Munthu akabwera kwa ine kuti makina afooka, ndisanagwire sipanala ndimayamba ndasintha nozzle. Kangapo konse ntchito imathera pomwepo.

Tadala: Malume, miyezi itatu ndakhala ndikugwira tizitsuloti osadziwa kuti tili ndi manambala.

Mayi a Upile: Ine zaka ziwiri mwana wanga, usadandaule.

Kondwani wa Penti: Nafenso opopera penti tili ndi manambala athu, koma amawerengedwa mosiyana, musasokoneze. Pa airless sprayer, makina opopera penti popanda mpweya, tip yolembedwa 517 imatanthauza izi: 5 mumachulukitsa ndi 2, ndiye mzere wa penti ukhala wotambasuka mainchi 10 mukaima pafupifupi mainchi 12 kuchokera ku khoma. 17 ndi chibowo, 0.017 ya inchi. Airless imafika 3000 PSI, yofanana ndi makina ena otsukira. Ina ndi HVLP, high volume low pressure, imeneyo imagwiritsa ntchito mpweya wambiri koma wofatsa, wosapitirira 10 PSI potulukira, ndi ya mipando ndi zitseko. Kafumbi ka penti kouluka n'kukagwera pa galimoto ya aneba ndi overspray. Mawu amenewo ndinawaphunzira tsiku loipa.

Woyang'anira Gulu: A Kondwani, za penti zikhale ndi mutu wakewake, koma poti zikukhudza kupopera tazilola.

Kondwani wa Penti: Ndamva bwana.

Nachisale: Nanga chopopera mbewu chobereka kumsana chija chili m'gulu lomweli?

Aphunzitsi Opuma: Chimenecho ndi knapsack sprayer, a ku America amati backpack sprayer. Mayina a zida zake ndi omwewa, lance, nozzle, trigger, hose, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, ma bar owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Sichili m'gulu la high pressure.

Mayi a Upile: Malume Sipanala, ndithandizeni ichi. Ndinagula hose yatsopano, pa pepala analemba M22, makina anganso ndi M22. Mazinga akugwirana bwinobwino, ndikumanga mpaka kulimba, koma ndikayatsa madzi akuthothoka pa mfundo pomwepo. Ndakulunga tepi yoyera ija mpaka ndatopa.

Malume Sipanala: Chotsani tepiyo mayi, sikuthandizani. Pa M22 chimene chimatseka madzi si mazinga, ndi kamphira kozungulira kali pa kachitsulo ka pakati, dzina lake O-ring chifukwa kali ngati chilembo O. Ndipo M22 ilipo iwiri. Mazinga akunja ndi ofanana, mamilimita 22, koma kachitsulo ka pakatiko kena ndi ka 14 mm, kena ka 15 mm. Mukalowetsa ka 14 m'chibowo cha 15, mazinga amanga bwino koma kamphira sikagunda khoma, madzi apeza njira. Ka 15 m'chibowo cha 14 sikalowa n'komwe. Milimita imodzi yokha. Yezani chibowo cha makina anu, kenako mufufuze "M22 14mm to 15mm adapter". Mazinga pa Chingerezi ndi thread. Kudontha ndi leak. Mukaona BSP ndi NPT, imeneyo ndi mitundu iwiri ya mazinga a mapayipi, woyamba wa ku Britain, wachiwiri wa ku America, amaoneka ngati ofanana koma sagwirizana bwino.

Tadala: Pa tsamba limene ndatsegulali akufunsa kuti male kapena female. Ndimayesa ndalowanso malo olakwika.

Kondwani wa Penti: Kkkkkk aphunzitsi yankhani ndinu, ine ndingachotsedwe pa gulu.

Aphunzitsi Opuma: Palibe chochititsa manyazi. Male ndi mbali yolowa, mazinga ake ali kunja. Female ndi mbali yolandira, mazinga ake ali mkati. Pa quick connect yolowayo amaitchanso plug, yolandirayo socket kapena coupler. Tipitirire.

Tadala: Lina ndi ili. Makina athu ndi a petulo. Ndikasiya kufinya mfuti kuti ndisunthe galimoto kapena ndiyankhe foni, pakapita kanthawi pansi pa pampu pamatuluka madzi otentha. Mnzanga akuti pampu yang'ambika.

Malume Sipanala: Siinang'ambike, ikudziteteza kwa inu. Mukasiya trigger injini imapitiriza kuzungulira, pampu ikukankhabe madzi, koma alibe kotulukira. Pali chida chotchedwa unloader valve chimene chimawabweza kuti azingozungulira mkati mwa pampu. Kuzungulira kumeneko ndi bypass. Madzi omwewomwewo akamazungulira amatentha msanga, ndipo kutenthako kumawononga ma seal, timphira totseka madzi mkati. Ndiye anaikapo kena, thermal relief valve, kamene kamalavula madzi otenthawo kuti ozizira alowe. Zimene mukuonazo ndi zimenezo. Foni ikalira zimitsani injini. Mphindi ziwiri zisakwane makina akulira mfuti ili pansi. A magetsi ambiri alibe vutoli chifukwa ali ndi total stop system kapena auto stop, mukasiya trigger mota imazima yokha.

Poti tili pa pampu: mukaona axial cam kapena wobble plate, imeneyo ndi pampu ya makina a pakhomo, yotsukira Loweruka ndi Loweruka. Triplex plunger pump ili ndi mapisitoni atatu oyendetsedwa ndi crankshaft ngati injini, imakhalitsa ndipo imakonzeka. Ya ntchito ya tsiku lonse ndi imeneyo.

Mayi a Upile: Nanga kunjenjemera kuja, hose ikumadumphadumpha ngati njoka yopondedwa, madzi akutuluka modukizadukiza?

Malume Sipanala: Pulsing kapena surging. Kawirikawiri ndi mpweya umene watsalira mkati, kapena madzi olowa akuchepa. Musanayatse makina tsegulani mpope, finyani trigger mpaka madzi atuluke osalavula mpweya. Amati purging kapena bleeding the air. Mukatunga mu thanki, kudzaza pampu ndi madzi poyamba ndi priming. Yang'ananinso kasefa ka polowera madzi, inlet filter, kamatsekeka ndi mchenga. Pampu ikamalira ngati yameza miyala, imeneyo ndi cavitation: madzi akuchepa, timathovu tikupangika mkati n'kumaphulika, ndipo timadya chitsulo.

Nachisale: Ine chimene ndimasirira ndi thovu lija lokuta galimoto yonse ngati yafunda bulangeti loyera. Botolo lake amalitcha chiyani?

Tadala: Limenelo ndikulidziwa! Foam cannon. Abwana amalitchula tsiku lililonse.

Aphunzitsi Opuma: Wakhoza. A ku Britain amati snow foam lance. Koma foam gun ndi china, chimenecho chimalumikizidwa ku payipi wamba ya pa mpope, thovu lake ndi lamadzimadzi. Nthawi imene umasiya sopo kuti alowerere dothi usanatsukuluze ndi dwell time. Kutsukuluza ndi rinse. Sopo wa makinawa amalemba detergent, wochotsa mafuta ndi girisi ndi degreaser.

Malume Sipanala: Ndipo amene amadabwa kuti kapayipi koyamwa sopo sikakoka akaika nozzle yobiriwira, sikanawonongeke. Kachida kake ndi downstream injector, kamayamwa sopo pokhapokha mphamvu ikatsika, n'chifukwa chake pamafunika yakuda ya chibowo chachikulu ija. Madzi akamathamanga podutsa pamalo popanikizika amakoka sopo, amati Venturi effect, dzina la katswiri wa sayansi wa ku Italy.

Mayi a Upile: Pa madenga ndi makoma a penti ife sitigwiritsanso ntchito mphamvu. Timachita soft washing, kupopera mankhwala mofatsa kuti aphe ndere ndi nkhungu, kenako kutsukuluza. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi sodium hypochlorite, bulichi yemweyu. Chonde musamusakanize ndi asidi kapena ammonia, mpweya wotuluka pamenepo ndi poizoni. Pa bwalo lalikulu la simenti timagwiritsa ntchito chimbale chozungulira chokhala ngati chivundikiro cha mphika, mkati muli ma nozzle awiri ozungulira. Ndi surface cleaner, ena amati patio cleaner. Sichisiya mizere ya mbidzi imene ndodo imasiya. Palinso turbo nozzle kapena rotary nozzle, imeneyo ndi yofiira ija koma yozungulira mothamanga, imalira ngati njuchi. Pa simenti ndi yabwino zedi, pa galimoto musayerekeze.

Namwino wa Usiku: Ndakhala ndikungowerenga, koma pali mawu amodzi amene sanatchulidwe ndipo ndikufuna muwasunge kuposa ena onsewa: injection injury, kapena high-pressure injection injury. Madzi, penti kapena girisi zikakugundani pafupi ndi nozzle zimaboola khungu n'kulowa mkati. Mphamvu ya 100 PSI yokha, pafupifupi 7 bar, ikhoza kuboola khungu, ndiye ganizirani 130 bar. Choopsa chake n'chakuti kunja kumangooneka kabala ngati kobayidwa ndi singano, poyamba mwina osapweteka kwenikweni. Munthu amamanga kansalu n'kupitiriza ntchito. Koma mkati zinthuzo zayenda kutsatira minyewa, zalowa ndi dothi, chala chimayamba kutupa, magazi osayenda. Pakapita maola angapo nkhani imakhala ya opaleshoni, ndipo ena amadulidwa chala, makamaka ngati cholowacho ndi penti kapena thinner. Zikachitika pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musakangonena kuti "ndadzicheka". Kanenani kuti ndi makina a high pressure, mutchule chimene chalowa, ngati n'kotheka mutenge chitini chake. Ambiri amavulala poyesa nozzle ndi chala kuti aone ngati yatsekeka, kapena pofufuza pamene hose ikudontha ndi dzanja. Ena potsuka matope kumapazi atavala masilipasi.

Tadala: Mayi namwino, zotsuka mapazizo ndimachita madzulo alionse ndikamaweruka. Ndazizidwa thupi lonse.

Namwino wa Usiku: Leka lero lomwe mwana wanga. Jombo ndi magalasi oteteza maso, safety goggles. Ndipo makina a petulo asalire m'chipinda chotseka kapena m'galaja, utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha.

Kondwani wa Penti: Zoona zimenezo. Airless imabwera ndi kakhadi kochenjeza koti ukaonetse dokotala ukavulala. Ine kanga kamakhala m'chikwama cha ndalama.

Malume Sipanala: A magetsi nawo, pulagi ikhale ndi RCD, a ku America amati GFCI, kachida kodula magetsi akayamba kudutsa njira yolakwika. Madzi ndi waya sizimvana. Kukankha kwa mfuti m'manja mukangofinya ndi kickback kapena recoil, n'chifukwa chake sitikwera nayo pa makwerero. Za pamwamba pali telescopic wand, ndodo yotalikitsa mutaima pansi.

Tadala: Ndalemba zonse m'kope, masamba atatu adzaza. Ndafufuza "25030 nozzle 1/4 quick connect", yabwera yeniyeniyo, yobiriwira bwinobwino. Abwana ayang'ana foni, ayang'ana ine, akuti ndaphunzira kuti zimenezi.

Malume Sipanala: Muwauze kuti kwa malume. Koma ndili ndi funso limodzi mphwanga, ndipo muyankhe zoona. Nozzle ya quick connect ikalowa bwino siigwa yokha. Ija inagwadi, kapena inauluka?

Tadala: Inauluka malume. Ndinaisintha mothamanga, nditangofinya ndinamva kuti phaa, yagunda khoma, yadumpha, yalowa mu ngalande. Galimoto inali chapafupi pomwepo, galasi linapulumuka ndi chikhatho chimodzi. Abwana ndinawauza kuti yagwa.

Mayi a Upile: Kkkkk ndinadziwa ine.

Malume Sipanala: Kamkombero kaja, collar, sikanabwerere mpaka kumapeto. Mukalowetsa nozzle muzimva kuti kwati tha, kenako muikoke ndi zala kuti muone ngati yagwira. Kufinya koyamba lozani pansi, kutali ndi galimoto ndi mapazi anu. Ndipo posintha muzitseka kaye trigger ndi kachotsekera kake, safety lock. Mayi a Upile, mwayeza chibowo chija?

Mayi a Upile: Ndayeza. Ndi 15. Hose ndi ya 14. Tepi yonse ija ndinangowononga.